Mvula Ikasiya, Tisawotche Masamba Ndipo Tisamete Kapinga Mpala

Akonzi,

Ndipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti ndiyankhule ndi anzanga okhala m'matauni, makamaka ife amene tili ndi kabwalo ka kapinga, mitengo ingapo ndi kadimba kuseri kwa nyumba, pa nkhani ya zimene timachita pakhomo mvula ikangosiya. Nyengo ya masika, kuyambira mu Epulo mpaka kumapeto kwa Meyi, ndi imene imagamula mmene pakhomo padzaonekere mu Okutobala, koma ndi nyengo yomweyonso imene ambirife timataya ndi manja athu chonde ndi chinyezi chimene dzinja latisiyira. Timasesa tsamba lililonse lomwe lagwa n'kuliyatsa moto, timatchetcha kapinga mpaka dothi lionekere, kenaka timayamba kuthira madzi a pampopi, ogula ndi ndalama, pa nthaka imene taivula tokha. Ndikukhulupirira kuti chizolowezi chimenechi tingathe kuchisintha osagula kanthu kalikonse.

Malangizo ambiri osamalira maluwa ndi kapinga amene anthu amawapeza pa intaneti analembedwera mayiko a ku Ulaya ndi ku America, kumene zomera zimakonzekera chipale chofewa, ndipo munthu akawatsatira osaganiza amalakwitsa. Kwathu kuno chimene udzu ndi mitengo zikukonzekera m'masika ndi miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo yopanda mvula. Lilongwe amalandira mvula ya mamilimita pakati pa 800 ndi 900 pa chaka, ndipo pafupifupi yonse imagwa kuyambira Novembala mpaka Epulo. Pambuyo pake pamabwera chisanu cha Juni ndi Julayi, mphepo ya Ogasiti, kenaka dzuwa la chilimwe. Zoona, madera amasiyana. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje chiperoni chimabweretsa nkhungu ndi mvula yowaza ngakhale pakati pa chisanu, ku Dedza ndi kumapiri a Ntcheu usiku wina chisanu chimawaula masamba, pamene ku Chikwawa ndi Nsanje nthaka imauma msanga kuposa kwina kulikonse. Komabe funso ndi limodzi kwa tonsefe, loti madzi amene ali m'nthaka lero tiwasunge bwanji kuti atifikitse patali.

Ndiyambe ndi masamba, chifukwa apa ndi pamene ndikuona kuti tikutaya kwambiri. Sindikunyoza mwambo wosesa pabwalo. Makolo athu anali ndi zifukwa zomveka: pabwalo poyera njoka ndi zinkhanira zimaonekera patali, moto wolusa wa m'tchire sufika pa tsindwi la udzu, ndipo mlendo akafika amadziwa kuti pakhomopo pali anthu odzilemekeza. Pakhonde, m'njira ndi m'mbali mwa khoma la nyumba tiyenera kusesa ndithu. Chimene ndikudandaula ndi chakuti tsache lafika paliponse, mpaka pansi pa mango, pansi pa mapeyala ndi m'mabedi a maluwa, malo amene masambawo ali ndi ntchito yaikulu. Mtengo umakoka chakudya pansi pakuya ndi mizu yake, n'kuchibweza pamwamba kudzera m'masamba amene wayoyola. Tikawatentha, nayitirojeni ndi salufa wambiri amapita ndi utsi, ndipo timatsala ndi kaphulusa kodzaza m'manja kamene mphepo imauluza. Kuwonjezera apo, m'milu imene timayatsa madzulo mumakhala majumbo ndi mabotolo a pulasitiki, ndipo m'nyengo yozizira utsi sukwera m'mwamba, umangoyandama m'munsi n'kulowa m'nyumba za anansi, m'miyezi yomwe ana ndi okalamba amavutika kale ndi chifuwa.

Masamba omwewo akayalidwa pa nthaka, kuchindikala kwake ngati zala zinayi, amatchinga dzuwa ndi mphepo, nthaka imakhala yozizira ndi yonyowa kwa masiku ambiri, udzu wosafunika sumera, ndipo nyongolotsi zimabwera kudzafewetsa dothi. Alangizi a zaulimi akhala akuphunzitsa alimi a kumudzi kuphimbira minda ndi mapesi pa ulimi wa mleranthaka kwa zaka zambiri, koma ife a m'tauni, amene timadziona ngati odziwa zinthu, tikuchita zosiyana ndi zimenezo pa malo ochepa omwe tili nawo. Anthu ambiri amaopa chiswe, ndipo mantha amenewa ndi oona. Yankho lake ndi kuyala mosamala: zophimbirazo zisakhudze tsinde la mtengo kapena la duwa, pakhale mpata wa chikhatho chimodzi, ndipo zitalikirane ndi khoma, zitseko ndi mitengo ya denga. Chiswe chimene chikudya masamba ouma pakati pa dimba chikugwira ntchito yosandutsa zinyalala kukhala dothi. Masamba a bulugama ndi a paini amachedwa kuwola, choncho ndi bwino kuwayala m'tinjira ta m'dimba kusiyana ndi pa bedi la ndiwo.

Masamba otsala apite ku kompositi, ndipo nthawi yake ndi ino chifukwa zomera zaziwisi zikadalipo. Mu Ogasiti mudzapeza zouma zokhazokha, ndipo mulu wa zouma zokha umatenga nthawi yaitali kuti uwole. Kumbani dzenje pamthunzi kapena unjikani mulu, muyale zouma pansi, pamwamba pake zaziwisi monga udzu wotchetcha, deliya, masamba a gliricidia ndi makoko a kukhitchini, kenaka ndowe za nkhuku, mbuzi kapena ng'ombe, phulusa pang'ono ndi dothi lapamwamba, muwaze madzi, n'kubwerezanso chimodzimodzi mpaka mulu ufike m'chiuno. Zikani kamtengo pakati. Pakapita masiku angapo, mukakazula n'kukapeza kotentha, dziwani kuti manyowa akupsa, koma kakakhala kozizira ndi kouma ndiye kuti pakufunika madzi kapena zaziwisi zina. Mukamatembenuza pakatha masabata awiri kapena atatu, mulu woyambidwa mu Meyi umakhala utapsa mu Ogasiti, mvula ikadali kutali. Kumidzi anthu amadziwa manyowa a chimato ndi a changu, komanso a Mbeya amene popanga amasakaniza gaga, phulusa, ndowe ndi feteleza pang'ono n'kusunga m'thumba lomanga kwa masiku 21. Ndi mmene mtengo wa thumba la feteleza wakwerera zaka zimenezi, n'zomvetsa chisoni kuti m'tauni tikuwotcha zipangizo za manyowa madzulo aliwonse.

Tsopano ndifike pa kapinga. Si udzu wonse wa pabwalo umene uli wofanana, ndipo mwini nyumba ayenera kudziwa umene ali nawo. Kapinga wathu wamba, wa masamba ang'onoang'ono, amayala pamwamba komanso ali ndi misinde yoyenda pansi pa nthaka, ndipo amapirira chilala kuposa ena onse. Kikuyu, yemwe kwawo ndi kumapiri a kum'mawa kwa Africa, amakula msanga koma amafuna madzi ndi chakudya chambiri, ndipo amachita bwino m'madera okwera ndi ozizira monga Dedza ndi Mzuzu. Udzu wa buffalo, wa masamba otambalala, umalola mthunzi pang'ono. Udzu wa LM, womwe dzina lake linachokera ku Lourenço Marques, Maputo wa lero, ndiwo umamera bwino pansi pa mitengo, koma sufuna kupondedwapondedwa kapena kudulidwa mofupikitsa. Mitundu yonseyi ndi ya nyengo yotentha, kutanthauza kuti usiku ukayamba kuzizira imachepetsa kukula, ndipo madzi akasowa imafiira n'kugona.

Kugona kumeneku anthu ambiri amakutenga ngati imfa, ndipo apa ndi pamene ndalama zimatayikira. Kapinga wofiira mu Julayi sanafe. Moyo wake uli m'misinde ndi m'mizu, ndipo mvula yoyamba ikagwa amaphuka m'masiku owerengeka, monga mmene timaonera m'mabwalo a mpira ndi m'mbali mwa misewu momwe palibe amene amathirira. Ntchito yathu m'masika ndi kumuthandiza kuti alowe m'tulo ali ndi mphamvu. Choyamba ndi katchetchedwe. Tisadule udzu kupitirira gawo limodzi mwa magawo atatu a msinkhu wake pa nthawi imodzi, ndipo pamene tikuyandikira chisanu tiusiye wautaliko kuposa m'dzinja, masentimita asanu kapena kuposerapo, makamaka buffalo ndi LM. Amene ali ndi makina otchetchera angokweza mpeni wake. Amene amagwiritsa ntchito chitchetcho, omwe ndi ambirife, aonetsetse kuti ndi chonoledwa bwino ndipo chisamamenye dothi. Udzu wautaliko umachititsa mthunzi pa mizu yake ndipo umasunga chinyezi, pamene udzu wometedwa mpala mu Meyi sukhalanso ndi nthawi yophuka, ndipo pofika Ogasiti pamatsala zigamba za fumbi zimene mvula yoyamba imadzakokolola.

Nthaka ikadali yofewa, ndi bwino kuboola malo amene anthu amapondapo kwambiri ndi foloko ya m'dimba, kenaka n'kuwazapo manyowa osefa opyapyala, osakwirira masamba a udzuwo. Ino ndi nthawinso yozula dawe, khovani, chisoso chokhwima ndi namsongole mbewu zake zisanagwe, chifukwa zimene zagwa chaka chino ndi zomwe zidzatitopetse mu Disembala. Za feteleza ndinene mosabisa: kuthira yureya pa kapinga amene akulowa m'tulo ndi kutaya ndalama. Yureya ali ndi nayitirojeni wokwana 46 pa 100 aliyense, amene ntchito yake ndi kukuza masamba, ndipo akathiridwa pa nthaka youma wambiri amauluka, wina n'kuwotcha udzu. Ngati munthu akufuna kudyetsa kapinga wake, achite zimenezo kumayambiriro kwa Epulo chinyezi chilipo, kapena adikire mvula. Chimodzimodzi kubzala kapinga watsopano pa malo amene pafa, kumeneko kudikire Disembala, pokhapokha ngati muli ndi chitsime chodalirika.

Nkhani ya madzi ndi imene yandikakamiza kwambiri kulemba kalata ino. Odziwa za kapinga amati kuti udzu ukhalebe wobiriwira m'nyengo youma umafuna madzi okwana pafupifupi mamilimita 25 pa sabata. Milimita imodzi pa malo a mita imodzi m'litali ndi mita imodzi m'lifupi ndi lita imodzi. Choncho kabwalo ka mamita 10 mbali zonse kamafuna malita 2,500 pa sabata, zomwe ndi ndowa 125 za malita 20, ndipo kuchokera Meyi mpaka Okutobala ndi malita pafupifupi 65,000. Banja la anthu asanu, aliyense akamagwiritsa ntchito malita 50 pa tsiku, limatha malita 1,750 pa sabata, kusonyeza kuti kabwalo kameneka kamamwa kuposa banja lonselo. Tikumbukirenso kumene madziwa amachokera. A Blantyre Water Board amapopa madzi ambiri a mzindawo kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita oposa 30, kuwakweza mamita mazanamazana ndi mphamvu ya magetsi. Madzi a Lilongwe amadalira mtsinje wa Lilongwe wochokera ku Dzalanyama ndi madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde, ndipo amene analipo mu 2016 akukumbukira mmene madzi ankagawidwira mosinthanasinthana madamuwo ataphwera chifukwa cha chilala. Mu Marichi 2024 boma linalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 agwa m'ngozi chifukwa cha ng'amba ya El Niño. M'dziko lotere, sindikuona chilungamo pamene paipi ikuthira udzu masana dzuwa lili paliwombo, pamene m'dera loyandikana nalo amayi ali pamzere ndi zigubu kuyambira mbandakucha.

Sindikunena kuti aliyense asiyiretu kuthirira. Amene akufuna pobiriwira poti ana azisewera kapena poti alendo azikhala asankhe kagawo kakang'ono, akathirire mokwanira kamodzi pa sabata m'mamawa kwambiri, kuti madzi alowe pansi ndipo mizu iwatsatire. Kuwaza pang'onopang'ono tsiku lililonse kumasiya mizu pamwamba, ndipo udzu wotero umafota tsiku limene mpopi wauma. Kuthirira usiku m'nyengo yozizira kumasiya masamba onyowa mpaka kucha, zomwe zimabweretsa matenda a nkhungu, makamaka kumadera a chiperoni. Madzi otsukuluzira zovala ndi osambira angathe kupita pa kapinga, pa nthochi ndi pa mitengo, bola asakhale ndi mankhwala oyeretsera amphamvu kapena mafuta ambiri, ndipo asadikhe pamalo amodzi kuopa udzudzu. Amene akumanga kapena kukonza nyumba aganizirenso za denga: denga la masikweya mita 100 pa mvula ya mamilimita 800 limagwetsa malita 80,000 pa chaka, ndipo miyezi youma ino ndi yoyenera kuika ngalande za m'mphepete mwa malata ndi thanki mvula isanabwere.

Madzi amene tapulumutsa pa kapinga ali ndi kopita kwabwino, komwe ndi ku ndiwo zamasamba. Chisanu cha kwathu ndi nyengo yabwino koposa ya mpiru, repu, chayinizi, kabichi, kaloti, anyezi, adyo, letesi ndi nsawawa, chifukwa matenda a m'dzinja amakhala atachepa ndipo dzuwa silinafike powotcha. Mbewu zofesedwa pa nazale mu Epulo zimakhala zokonzeka kuwokera pakatha masabata anayi mpaka asanu ndi limodzi, ndipo kuwokera kuchitike madzulo. Mabedi a m'dzinja timawakweza kuti madzi asadikhe, koma a nyengo ino akhale olowa pansi pang'ono, okhala ndi kamlambala m'mbali, kuti madzi a m'keni asathawe. Bedi lophimbiridwa ndi udzu wouma wopanda njere silifuna kuthiriridwa kawirikawiri ngati losaphimbira. Nsabwe za m'masamba zimabwera ndithu pa mpiru ndi kabichi, ndipo ndi bwino kuyang'ana kunsi kwa masamba kawirikawiri n'kupopera madzi a sopo wochepa kapena a masamba a nimu zisanachuluke, kusiyana ndi kuthamangira mankhwala a m'sitolo pa ndiwo zimene ana adye mawa lake. Tomato amachita bwino nyengo ino m'madera osazizira kwambiri, ngakhale kuti kuyambira pamene kambozi ka Tuta absoluta kanalowa m'dziko muno alimi ake akhala pa nkhondo yosatha. Tisaiwalenso kuti masika ndi nthawi yofutsa nkhwani, khwanya ndi chitambe, komanso yosunga mbewu za bonongwe, luni ndi maungu, zomwe m'tauni tayamba kuziona ngati udzu.

Pali china chimene chimandipweteka mtima chaka ndi chaka. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala ndi kutha pa 15 Epulo, ndipo m'miyezi imeneyi timabzala ndi chimwemwe, pakhomo, pasukulu ndi patchalitchi. Ikangotha nyengoyo timaiwala, pamene mtengo waung'ono umakumana ndi mayeso ake enieni m'chilimwe choyamba. Kamtengo kamene kabzalidwa mu Januwale kamafuna zinthu zochepa: kukalimira mozungulira n'kupanga kabeseni, kukaphimbira ndi masamba, kukatchinga ku mbuzi ndi kumoto, ndi kukapatsa ndowa imodzi ya madzi pa sabata. Madzi amene kabwalo ka kapinga kamamwa pa sabata imodzi angathe kusunga mitengo yaing'ono yoposa 100. Mitengo yazipatso nayo imafuna kuimvetsa pa nyengo ino. Mango akukonzekera kuchita maluwa m'miyezi yozizira, choncho kudulira nthambi zake tsopano ndi kudula zipatso za Disembala, ndipo nthawi yake yoyenera ndi pamene tangomaliza kuthyola. Malalanje ndi manachesi ali pakupsa, ndipo amafuna chinyezi chosadukizadukiza kuti zipatso zisang'ambike kapena kuyoyoka. Amene ali ndi maluwa a rozi adikire Julayi kuti awadulire.

Ndiyenera kunenaponso za anthu amene amagwira ntchito imeneyi. M'nyumba zambiri zokhala ndi kapinga, amene amasesa, kutchetcha ndi kuthirira si eni nyumba, koma abambo ndi anyamata olembedwa ntchito ya panja. Ambiri a iwo anakulira kumunda ndipo amadziwa bwino phindu la manyowa ndi kuphimbira, koma amadziwanso kuti abwana akabwera madzulo n'kupeza masamba pansi pa mtengo adzanena kuti munthuyu wakhala tsiku lonse osagwira ntchito. Amasesa ndi kuwotcha chifukwa ndi zimene timayamikira. Kusintha kuyenera kuyamba ndi ife, powauza momveka malo oti asese ndi malo oti asiye, powafunsa zimene akudziwa, ndi powapatsa zipangizo zoyenera monga leki, foloko, wilibala ndi tupa yonolera. Chimodzimodzi m'masukulu, kumene ana amasesa bwalo lonse m'mawa uliwonse mpaka mizu ya mitengo kutsala pamtunda. Aphunzitsi omwe amaphunzitsa za kukokoloka kwa nthaka m'kalasi angathe kuonetsa anawo phunziro lomwelo panja, pouza gulu lililonse kuti masamba amene lasesa likathire mozungulira mtengo wake kapena ku dzenje la manyowa.

Lilongwe, pamene ankakonzedwa kuti akhale likulu la dziko, zomwe zinachitika mu 1975, anajambulidwa ngati mzinda wa mitengo ndi minda ya maluwa, ndipo Zomba ali ndi munda wa zomera wa National Herbarium and Botanic Gardens umene ungatiphunzitse za maluwa ndi mitengo yachilengedwe yosafuna madzi ambiri. Akatswiri a mbewu za m'dimba tili nawo ku Bvumbwe, ku Chitedze ndi ku Bunda. Pempho langa kwa inu, Akonzi, ndi lakuti mutipatse danga m'nyuzipepala muno, ngakhale kamodzi pa mwezi, loti akatswiri amenewa azitilangiza m'Chichewa ntchito za pakhomo zoyenera mwezi umenewo, dera ndi dera, kuti wa ku Nsanje asamatsatire malangizo a wa ku Dedza. Ndikupemphanso makhonsolo a mizinda yathu kuti udzu ndi masamba amene amatchetchedwa m'misewu ndi m'mapaki azipita kopangira manyowa, ndipo manyowawo azigulitsidwa motchipa kwa anthu ndi kwa achinyamata amene ali ndi manazale a maluwa m'mphepete mwa misewu.

Ine wanu wowerenga mokhulupirika,
Wokonda za m'dimba,
Lilongwe